Kabango ka Kilaneti ya Ababa

Poti magetsi athima ndipo chigayochi sichilira msanga, khalirani matumba anuwo ndikuuzeni. Ndikudziwa kuti mumandinena kuseri, mumati Edinesi wayamba matama, kukwaya sabwera, maukwati akuwathawa. Nenani ndithu, pakamwa ndi panu. Koma lero mumve nokha kwa mwini wakene, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ababa anga mumawadziwa, a Layifodi Namakhwa, nkhalamba imene imakhala pakhonde itamanga tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Inu mumawadziwa ngati munthu amene ankayeza tiyi pasikelo kuesiteti mpaka kupuma ntchito. Chimene simudziwa n'chakuti ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, anali woimba mu bandi yaikulu yotchedwa Nyali za Njanji.

Nyimbo zake zinali za suwingi, zija ankavina azibambo a masuti ndi azimayi a madiresi otambalala, kugwirana m'chiuno n'kumaponyana uku ndi uku. Zinabwera ndi asilikali a Keyala pochokera kunkhondo, zina ndi amuna obwerera ku Joni, pa mbale zakuda za galamafoni zosweka ngati phale. Mu bandimo munali anthu khumi ndi atatu, a malipenga, a masakisifoni, wa ng'oma, ndi wa chigitala chachikulu choimba ataimirira. Ababa anali pa kilaneti. Kwa inu amene simunaionepo, ndi chitoliro chakuda chotalika ngati mkono, chodzaza timabatani tasiliva. Kukamwa kwake amamangirirako kabango kopyapyala ngati chikhadabo, ndipo kamalira ndi kabangoko. Popanda iko, ngakhale muuzire mpaka maso atong'oke, imangotuluka mphepo.

Ine ndakula ndikuiona kilanetiyo koma osaimvapo kulira. Loweruka lililonse madzulo ababa ankaitulutsa m'kabokosi kake, kuipukuta, kupaka mafuta m'mfundo zake, kenako n'kupukusa galamafoni. Mbale ikayamba kulira ankatsinzina, zala zikuthamanga pa timabatani, tcheketcheke, tcheketcheke, koma kabango kulibe. Ankaimba nyimbo yonse ndi zala zokha.

"Tamvera apa, mwanangu," ankandiuza. "Malipengawo ndi ng'ombe zikutsikira kudambo, zonse pamodzi, fumbi kobo. Tsono dikira. Dikira... uyo! Wamumva? Kilaneti ndi namzeze. Imadutsa pamwamba pa ng'ombe zonsezo osakhudza nyanga."

Za masiku ano sankafuna n'kuzimva komwe. Ankati ndi mtondo ndi munsi, kusinja kokhakokha. "Zathu zinali ndi ulemu. Zinkayamba zagogoda, n'kulowa, n'kukuvula chipewa, kenako miyendo n'kunyamuka yokha iwe usanaiuze."

Ndinkazikonda nyimbozo, ndisaname. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina osokera ndimakumbuka Loweruka, ababa akugwedeza mutu, nyali ikuphethira patebulo. Amayi okha, malemu a Jesina, ndi amene sankakhala nawo. Ankangodutsa ndi mbale zawo n'kunena kuti, "Zala zokha, a Namakhwa." Ababa n'kuyankha, "Zala zokha, mayi." Tsiku lina ndinafunsa chifukwa chake kilaneti yathu siilira. Amayi anandiyang'ana diso limene linanditseka pakamwa zaka makumi anayi. Ine ndi nzeru zanga ndinangoganiza kuti n'umphawi, timabangoto n'todula ndipo sitipezeka kuno.

Amayi atamwalira chaka chatha, ababa anafota. Galamafoni anaiphimba ndi nsalu. Kabokosi kaja sanakatsegulenso. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana kuphiri, chakudya kungochilawa. Ine ndilibe mwamuna, ana anga ali kutali, munthu wanga padziko pano ndi iwowo. Kuwaona akutha ngati sopo mumvula kunkandidya mtima. Ndiye ndinatumiza uthenga kwa msuweni wanga wa ku Joni, iye n'kunditumizira kabokosi ka timabango pa basi. Ndinkayenda monyada ngati ndachita chanzeru. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Ndinawapatsa Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litangolowa. Anatsegula kabokosiko n'kuyang'anamo.

"Wazitenga kuti izi, Edinesi?"

"Ku Joni, ababa. Imbani, mtima utsike."

"Mayi ako anandilumbiritsa."

"Amayi anapita, ababa. Inu muli moyo."

Kenako anatola kabango kamodzi n'kukaika mkamwa, chifukwa kamafunika kanyowe kaye ndi malovu kasanamangidwe. Atakamanga anauzira kamodzi kokha. Liwu limodzi, lalitali, loyambira pansi ngati njiwa n'kukwera pang'onopang'ono. Agalu a kwa a Chikopa, oyandikana nafe, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anangoti zii.

Ndiye chakuphiri kunamveka kugunda. Kanayi. Du, du, du, du, ngati chidendene cha nsapato pa thabwa.

Ababa anamasula kilaneti mwachangu, kuibwezera m'kabokosi, n'kukagona osadya.

Lolemba m'mawa ndikulowa pabalaza ndi ndowa ya madzi, phazi linaterereka, ndinagwa chagada. Simenti yonse inali mbuu ndi tinyenyeswa toyera. Nditatola, ndinapeza kuti ndi phula la kandulo. Makandulo onse amene ndinagula Lachisanu anali atapalidwa mpaka kutha, zingwe zake zitandandalikidwa bwinobwino patebulo.

"Ababa, masewera anji amenewa? Ndikanathyoka msana!"

Anabwera ndi ndodo yawo, n'kukhwekhwereza slipasi paphulapo.

"Si ine," anatero. "Koma wapalayu ntchito amaidziwa. M'holo tinkachita chonchi dansi isanayambe, kuti nsapato ziziterereka."

Ananena ngati akunena za mtengo wa tomato. Ine ndinasesa, ndinakolopa, ndinapemphera. Lachitatu polishi wa nsapato anasowa, ndinakapeza chitini chopanda kanthu pansi pa mpapaya, chonyambitika ngati wachitsuka munthu. Lachisanu ndikuchokera kumsika masanasana, ndinapeza mipando yathu yonse, ndi mabenchi akukhitchini omwe, itaikidwa mizere iwiri kuyang'ana kukhomo. Mpando umodzi wa mzere wakutsogolo unali utakokedwa pang'ono, ngati mmene umakokera mlendo kuti akhale. Ababa anali mtulo kuchipinda, ndipo ndi nyamakazi yawoyo benchi sangalinyamule.

Loweruka lachiwiri, nthawi yomwe ija nkhuku zitangolowa, kugunda kuja kunabweranso. Kanayi. Ndipo pambuyo pake panabwera nyimbo.

Inali kutali, ngati ukwati wa mudzi wachitatu. Malipenga, ng'oma yopepuka, chigitala chija chikuyenda pansi ngati munthu wonenepa wosafulumira. Nyimbo yokoma, ndikuuzani, koma inali ndi chilema. Inkafika penapake n'kuphwa, malipenga n'kutsika, ng'oma n'kutsala yokha ikunong'ona, ngati anthu apatuka kuti wina adutse. Wodutsayo osaoneka. Ikadikira choncho, inkabwereranso poyamba paja. Kufika pomwepo, kuphwanso. Inazungulira choncho mpaka ine mutu unayamba kuwawa, kenako inazilala. Ababa anali pakhonde, zala zikuvina pa bondo, misozi ikutsikira m'kolala.

Ena a inu munaimva. Mai a busa anandifunsa mawa lake kutchalitchi ngati kuesiteti kunali phwando la mabwana. Ndinati kaya.

Amene anandiopsa kwambiri ndi a Chikopa. Mukuwadziwa, bambo wamkulu uja amapalasa kabaza pa siteji. Lachinayi anandiimitsa pamjigo, nkhope ili gwa.

"Mai Namakhwa, alendo anu anafika bwino?"

"Alendo ati?"

"Dzulo madzulo ndikuchokera kuesiteti, pa mlatho wa Nachipere paja, anandiimitsa bambo wina. Wamtali, jekete yoyera, kachikwama kachikopa kukhwapa. Akuti, achimwene, kwa a Namzeze n'kuti? Ine ndati kuno kulibe dzina limenelo. Akuti, Layifodi, wa kilaneti. Ndiye ndawalozera. Ndati kwerani ndikusiyeni. Akuti ayi, tilipo ambiri, tikubwera pang'onopang'ono ndi katundu."

"Nkhope yake yotani?"

A Chikopa anakanda m'mutu. "Ndi zimene zandisowetsa tulo, mai. Ndayankhula nawo ngati mmene ndikuyankhulira ndi inumu, koma nkhope sindikuikumbuka. Ndikukumbuka buluku. Linali lonyowa mpaka m'mawondo, madzi akuchita kudontha. Chilimwe chino Nachipere ndi mchenga wokhawokha, anyowa kuti?"

Ndinasiya ndowa pamjigo pomwepo. Nditafika kunyumba ndinagwada patsogolo pa ababa.

"Ababa, Namzeze ndani?"

Anandiyang'ana, n'kupumira m'mwamba. "Dzina limenelo analidziwa ndi anthu khumi ndi awiri, ndi mayi ako. Khala bwino ndikuuze."

Anati mtsogoleri wa bandi yawo anali a Bizwiki Thomu, woimba lipenga, munthu wamtali wosaseka. Ndi iwo ankayambitsa nyimbo pogunda chidendene kanayi. A Bizwikiwo anali ndi lamulo limodzi limene sankalithyola ngakhale pamaso pa mzungu. Pa nyimbo iliyonse, woimba wina ankakhala ndi gawo lake loimirira yekha, anzake n'kumupatsa mpata. Ndipo nyimbo siinkatha mwini gawo asanaimirire. Kaya wapita kukataya madzi, kaya akukangana ndi chibwenzi panja, bandi inkangozungulira pomwepo, ovina akuvina, mpaka abwere.

"Tinkaseka nazo," anatero ababa. "Tsiku lina tinamudikira wa sakisifoni mpaka azimayi anavula nsapato."

Ndiye kunali dansi ya Loweruka m'holo ya antchito kuesiteti, m'mphepete mwa Nachipere, mwezi wa Febuluwale. Mvula inali itagwa masiku atatu kuphiri. Holo inadzaza. Atayamba nyimbo imene gawo lake linali la ababa, kabango kawo kanang'aluka. Anakodola a Bizwiki, a Bizwiki n'kugwedeza mutu kuti pita, tikudikira. Timabango tina tinali m'thumba la jasi yawo, mu lole imene anaiimika kumtunda chifukwa cha matope. Anatuluka ndi kilaneti m'manja, kuthamanga kukwera chitunda.

"Ndili pa lole paja ndinkawamva akuzungulira. Ndikumanga kabango, ndinamva kuphiri kukulira ngati sitima khumi. Napolo. Ndinatembenuka, nyali za holo zikuwala. Ndinaphethira, kulibe nyali, kulibe holo. Madzi, miyala, mitengo. Ndipo mwanangu, mpaka pomaliza penipeni anali asanasiye kuimba. Ankandidikira."

Anati amayi, amene nthawi imeneyo anali chibwenzi chabe ndipo sanapite kudansiko chifukwa cha malungo, ndi amene anawatola ngati wamisala n'kuwabweza kukhala munthu. Anawalumbiritsa kuti kilanetiyo isadzalirenso, chifukwa odikira akadzamva adzadziwa kumene ali.

"Tsono bwanji simunandiuze, ababa? Bwanji munalola?"

"Ndinkafuna, Edinesi. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna. Iwe unangonditsegulira chitseko."

"Mukaimba gawo lanulo chichitike n'chiyani?"

"Nyimbo itha. Anthu aja avina mokwanira, apite akapume."

"Nanga inu?"

"Woimba amapita ndi bandi yake."

Ndinakalipa tsiku limenelo, ine amene sindinawakwezerepo mawu. Ndinati mawa tikwera minibasi, tipita kwa achimwene anga ku Limbe. Anaseka kaphwete. "A Bizwiki adikira zaka makumi asanu ndi limodzi. Ku Limbe ndiye kuwatalikire?" Usiku womwewo atagona ndinatenga kabokosi ka timabango, ndi kaja kanali komangirira pa kilaneti, ndinakaponya zonse m'chimbudzi. Ndinagona mtima uli m'malo, ndikuti ndathana nazo.

Loweruka lachitatu nyimbo inamvekera pa bwalo la sukulu. Sinalinso ya kutali. Ndinkamva ngakhale kupuma kwa oimba malipenga, ndi kukhwekhwereza kwa nsapato zambirimbiri. A Chikopa anasamutsira banja lawo kwa apongozi. Sabata imeneyo ndinasesa phula katatu, ngakhale m'nyumba munalibenso kandulo ndi mmodzi yemwe. Ndinaitana akulu a mpingo, anapemphera, anamwa tiyi, anapita. Potuluka mmodzi anaterereka pakhomo, ndipo sanabwerenso.

Loweruka lachinayi ababa anadzuka m'mawa n'kusita okha suti yawo yakuda. Anameta ndevu. Nsapato zinali zikuwala kale, sindinafunse anapukuta ndani. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti tsiku lonse sanayankhule. Ndikawapatsa moni, kugwedeza mutu. Phala anakana, tiyi anakana. Ine ndinkati akwiya chifukwa cha timabango tija, ndipo mumtima ndinkati kwiyani, bola muli moyo.

Dzuwa likulowa ndinakhoma zitseko ndi mawindo, ndinatsamiritsa mtondo kuchitseko chakumaso. Ababa anakhala pa mpando uja umakokedwa pang'ono, kilaneti pamiyendo. Ndinawasiya, ndimati chitoliro chopanda kabango ndi ndodo chabe. Ndinayatsa tochi ya foni n'kukhala pansi pafupi nawo.

Kunja mphepo inaleka. Nkhululu zinaleka. Ndinayamba kumva fungo la matope a mumtsinje, lija limamveka madzi akasefukira n'kuphwa, la ndere ndi mizu yovunda.

Du. Du. Du. Du.

Pakhonde pathu penipeni. Mtondo uja unagubuduka wokha, pang'onopang'ono, ngati wina akuusuntha mwaulemu kuti usaswe kanthu. Chitseko chinatseguka. Tochi inazima.

Musandifunse kuti ndinaona chiyani, chifukwa maso ndinawagwetsa pansi ndipo sindinawadzutse. M'kachisisira kolowera pakhomo ndinaona mapazi. Nsapato zakuda zowala, miyendo ya mabuluku yonyowa, ikulowa umodziumodzi. Mipando inalira kulandira anthu. Benchi linalira. Penapake chitsulo chinang'anima. Kunja pabwalo kunali ena ambiri, ndinkamva madiresi akupukutana, ndi mkazi wina akuseka chapansipansi ngati wauzidwa kanthu kukhutu. Pansi pamene ndinakhala panayamba kuzizira. Nditagwira, anali madzi.

Ndiye anayamba. Amayi inu, mbale za galamafoni zija zinali chithunzi chabe. Nyumba yonse inadzaza, malata ankanjenjemera, malipenga ankandidutsa m'chifuwa. Inali nyimbo yosangalala, ndicho chinkaopsa kwambiri. Munalibe maliro m'menemo. Anali anyamata ovala bwino, Loweruka madzulo, atalandira malipiro, akuimbira atsikana.

Anafika pamalo paja. Malipenga anatsika. Ng'oma inatsala ikunong'ona.

Ababa anatsegula pakamwa n'kutulutsa kabango.

Kanali pansi pa lilime tsiku lonse. Anakabisa tsiku lomwe ndinawapatsa kabokosi, ndipo kusayankhula konse kuja ankakanyowetsa. Ndisanadzuke n'komwe, zala zija zimalephera kumanga batani la malaya zinali zitamanga kale. Bandi inazungulira kamodzi. Ababa anaimirira, opanda ndodo, msana uli chilili.

Ndikanatha kuwaletsa pomwepo. Sindinawaletse. Ndinafuna kumva, Mulungu andikhululukire. Moyo wanga wonse ndinkangomva tcheketcheke wa timabatani, ndipo tsopano namzeze uja anauluka. Anayambira pansi, ngati munthu akupepesa kuti wachedwa. Kenako anakwera, n'kutembenuka, n'kugwa ngati agunda pansi, n'kukweranso kuposa poyamba. Kunja anthu anakuwa mokondwa. Wina m'chipindamo anati, "Heee, Namzeze!" Ndinadzutsa maso pang'ono kuyang'ana ababa okha. Anali akumwetulira ndi maso, masaya atadzaza, phewa likuvina. Sindinawaonepo osangalala chotero, ngakhale pa ukwati wanga. Ndinalira, ndinati mumtima, asiye apite, ndiwe ndani iwe.

Koma madzi anali atafika mu akakolo. Ndipo kuseri kwa nyimboyo, kutali chakuphiri, ndinayamba kumva china. Kulira kwa pansi, kolemera, miyala ikugubuduzana. Kunkayandikira pamene gawo la ababa linkapita kumapeto. Nyimbo zimenezi ndinakula nazo, ndimadziwa pamene woimba akutsikira kuti atere. Panatsala mpweya umodzi wokha.

Sindinaganize. Ndinalumpha n'kugwira kilaneti ndi manja awiri, ndinaizula pakamwa pawo.

Inalira kwii, ngati mwana wa mbuzi. Kenako kunaphulika chinthu, ngati thanthwe lang'ambika pakati pa nyumba. Ndinagwa, ababa anagwera pa ine.

Nditatsegula maso tochi inali ikuyaka pansi. Mipando inali yopanda anthu. Simenti inali youma, kupatula timadontho pansi pa mpando uliwonse. Nkhululu zinayambiranso. Ababa anali akupuma, ndinawagwira pamtima, unkagunda. Ndinawakumbatira ndikulira, ndikuti ababa, ababa, mwatsala, muli nane.

Anandiyang'ana pakamwa. "Ukuti chiyani?"

Ndinabwereza mokweza.

"Edinesi, ukuyankhula? Sindikumva kanthu."

Kuyambira tsiku limenelo makutu awo anatsekeka onse awiri. Kuchipatala anawaunika n'kunena kuti ndi ukalamba. Ndinangovomera, ndikanati chiyani.

Sanandikalipire. Bola akanandimenya ndi ndodo yawo ija. Anangoti, "Unatsala mzere umodzi, mwanangu," n'kutembenukira kukhoma. Kilaneti ndinaibisa kudenga. Anasiya kudya. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, ngakhale madzi ankangonyowetsa milomo. Tsiku lachinayi ndinakwera pampando, ndinaitsitsa, ndinaiika pamiyendo pawo ndi kabango kake komwe. Madzulo ake anadya mbatata ziwiri. Ndinadzitonthoza kuti alendo aja anakhumudwa, anapita, sadzabweranso.

Loweruka lotsatira nkhuku zitalowa, ababa anavala suti n'kukhala pampando wawo. Anandiitana kuti ndikhale moyang'anana nawo.

"Tamvera, Edinesi. Ine makutu ndilibe, koma zala ndi mpweya zilipo. Woimba sangalowe m'nyimbo asakudziwa pamene anzake ali. Iwe nyimboyi ukuidziwa. Akabwera, udzandigunde pabondo kanayi pofika pamalo panga. Ndikupempha ngati bambo ako. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu kuti ndamva.

Ndisanamalize n'kugwedezako, pakhonde panagunda. Du, du, du, du. Fungo la matope linalowa. Mipando inalira. Anayamba nyimbo yawo, yomwe ija, mosangalala momwe muja, osakwiya ngakhale pang'ono. Anafika pamalo paja n'kupatuka.

"Abwera?" anafunsa ababa.

Ndinapukusa mutu. Ndinanena pang'onopang'ono kuti aone milomo yanga: "Kuli zii, ababa."

Anandikhulupirira. Anakhala mpaka nthawi ya nkhani za pawailesi, n'kumasula tayi, n'kunena kuti, "Kapena sabata yamawa." Bandi inazungulira mozungulira ife awiri mpaka inatopa.

Papita miyezi isanu tsopano. Sanaphonyepo Loweruka ndi limodzi lomwe. Anthu oyandikana nafe anasiya kuimva, imalira m'nyumba mwathu mokha, m'makutu mwanga mokha. Ine ndimakhala pamenepo, manja nditawapinda m'chitenje, madzi akundizizira kumapazi, anthu khumi ndi awiri akundidikira kuti nditukule dzanja. Sandiopseza. Wina amene amakhala kumanzere kwanga amangotsokomola pang'ono pofika pamalopo, mwaulemu, ngati kundikumbutsa. Ababa amafunsa, ine ndimanama. Ndikudziwa kuti ndikumana nkhalamba chinthu chimodzi chokha chimene ikufuna padziko pano, ndipo ndikuwamana anthu aja mpumulo wawo. Ndimadzida. Koma Lamulungu m'mawa ndikamva ndodo yawo ikugogoda popita kubafa, ndimati ndinamanso.

Vuto ndi lakuti nyimboyo ndi yokoma. Munthu sungaimve miyezi isanu thupi lako osaiphunzira.

Loweruka lapitali, ali mkati mozungulira, ababa anafunsa ngati mwa masiku onse, ine ndinayankha ngati mwa masiku onse. Koma sanamasule tayi. Ndinaona kuti sakundiyang'ananso pakamwa. Maso awo anali pansi. Nditatsatira kumene akuyang'ana, ndinapeza chala chachikulu cha phazi langa chikukwera n'kutsika pa simenti, chokha, bwinobwino, osaphonya. Ndinachiponda ndi phazi linalo.

Ababa anadzutsa mutu. Nkhope yawo inali yowala ngati ya mwana amene wapeza pamene mayi ake amabisa shuga.

"Usadandaule, mwanangu," anatero. "Pakamwa pako ndapamva. Sabata yamawa udzangokhala pomwepo, usadzavale nsapato."